Utomoni wa Pichesi M'mbale ya Akamwini

Chimene chinatitengera ku Nairobi, ine ndi mayi a kunyumba kwanga, chinali chiuno chawo. Madokotala a kwathu anali atayesa zimene akanatha, ndipo mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito m'bungwe lina la mayiko ambiri ku Upper Hill, anaumirira kuti tipite akaonedwe kumeneko. Opaleshoni inayenda bwino. Koma fupa la munthu wachikulire silichira mothamanga, choncho ulendo umene tinkauyesa wa mwezi umodzi unatisunga pafupifupi chaka chathunthu m'nyumba ya mwana wathuyo ndi amuna ake, ku Karen.

Karen ndi dera la mabwalo aakulu ndi mipanda italiitali ya mitengo yometedwa bwino. M'mawa magalimoto a eni nyumba ankatuluka pageti, ndipo tinkatsala awiriwiri mpaka madzulo: mayi pampando wawo pakhomo la khitchini, ndodo zawo zoyendera zili pambali, ine ndikuzungulira bwalo manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu. Ndinaphunzitsa ana moyo wanga wonse, ndipo nditapuma ntchito ndinabwerera ku khasu. Ku Karen kunalibe mwana woti ndimuphunzitse, kunalibenso mzere woti ndiupalire. Ngakhale udzu unkadulidwa ndi makina.

Kuseri kwa khitchini, pangodya pamene mpanda wathu unkakumana ndi wa anansi, panali mtengo wa pichesi. Ndinauzindikira ndili patali, chifukwa cha masamba ake osongoka aja. Unali wokalamba, wopindika, nthambi yake imodzi itauma, ndipo pathunthu pake ndi m'mphanda za nthambi munali timibulu ta utomoni, tina tofiirira ngati uchi, tina takuda. Mwana wathu anandiuza kuti mapichesi ake amakhala ang'onoang'ono, owawasa, odzaza mphutsi, ndipo amangodyedwa ndi mbalame.

Mitengo ya mapichesi ndimaidziwa kuyambira ubwana. Ku mishoni kumene ndinaphunzira, m'mapiri a ku Dedza, kunali munda wa zipatso, ndipo mwana wasukulu aliyense ankapatsidwa mitengo yake yoti aziisamalira. Tinaphunzitsidwa kudulira nthambi m'nyengo yozizira, kugaula dothi mozungulira tsinde, ndi kuyang'ana utomoni. Anatiuza kuti utomoni ndi chizindikiro cha bala: mwina kachilombo kaboola mkati, mwina khungwa lang'ambika. Tinkaupala ndi mpeni, n'kuutaya kutali, n'kupaka phulusa pabalapo. Choncho ku Karen ndinayamba kuchita zomwezo. Ndinapempha mpeni wakale wa kukhitchini, ndinatapa phulusa pa mbaula yowotchera nyama, ndipo m'mawa uliwonse ndinali ndi kopita. Mu mzinda wonse waukulu uja, mtengo umenewu ndiwo wokha unkafuna manja anga.

Nkhani ya thanki ndinaimvera patebulo, nthawi ya chakudya chamadzulo. Madzi a m'mipopi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akamwini athu anali atagwirizana ndi mwini malo, amene ankawachititsa lendi nyumbayo, kuti amange nsanja ya thanki yaikulu. Malo amene anasankha anali pangodya paja, chifukwa panali pafupi ndi khitchini. Mmisiri, amene kumeneko amamutchula kuti fundi, anali atanena kuti adzabwera mvula ikadzangoleka, kuti simenti idzagwire bwino. Mtengo wodwala uja unali woti udulidwe tsiku lomwelo.

Ndinangopitiriza kudya. Amene sanakule m'mwambo wathu angaganize kuti ndinkawaopa akamwiniwo. Sizinali choncho. Ndi munthu wofatsa, wa ku Mchinji, amene ngakhale anakulira m'tauni sanataye ulemu wa kwawo. Akamandipatsa moni ankanjuta pang'ono, manja atawagwira pamodzi, maso ali pansi. Koma pakati pa mpongozi ndi mkamwini pali mtunda umene onse awiri amausunga. Satsutsana maso ndi maso, ndipo nkhani yolemera imadzera mwa mkazi amene ali pakati pawo. Kudyera patebulo limodzi kokhako kunali kale chinthu chimene tonse awiri tinkachipirira chifukwa cha moyo wa m'tauni. Kuti ine, mlendo wodyetsedwa ndi kugonekedwa pakhomo pawo, ndiwauze kuti mtengo wawo asaudule, iwo sakanatha kukana, ndipo ndikanakhala nditawalamula. Zimenezo sindikanachita.

Loweruka lotsatira ndinamupeza mwana wathu akuyanika zovala, ndipo ndinaizungulira nkhaniyo mpaka anatopa nane.

"Adadi, ngati simukufuna kuti udulidwe, auzeni. Ali pabalaza pomwepa, akuonera mpira."

"Mwanawe, unamva kuti mpongozi amalamula mitengo ya pakhomo pa mkamwini?"

"Kuno si ku Dedza."

"N'chifukwa chake ndakhala chete. Ku Dedza bwenzi malowa ali a amayi ako."

"Ndiye mukufuna ndikanene ine? Ndikanene kuti chiyani? Kuti tisiye thanki chifukwa cha mtengo wobala mphutsi? Dzulo amami anasamba madzi a m'kandowa, munaona nokha."

Ankanena zoona. Mtengo umene supatsa kanthu ulibe wounenera. Ndinabwerera kungodya kwanga.

M'mawa wina, mvula itagwa usiku wonse, ndinapeza utomoni utafufuma ndi kufewa, ukunyezimira pakhungwa. Ndinayamba kuupala n'kumauponya m'munsi mwa mpanda monga mwa masiku onse. Ndipamene ndinamva mawu a Chiswahili ondiletsa kuseri kwa mpandawo, pamalo pamene masamba anali opyapyala.

"Hapana, mzee, hapana."

Anali mayi achikulire ochokera ku China, afupiafupi, aimvi zometedwa m'mbali, atavala kajekete kopanda manja. Ndinali nditawaonapo patali akuthirira ndiwo zamasamba m'zitini. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna, wa ntchito zomanga, ndipo masana ankatsala okha ngati ife. Chiswahili chawo chinali chochepa ngati changa. Analowetsa dzanja mumpandamo, natola kambulu kamodzi kamene ndinataya, nakapukuta, nakaonetsa kudzuwa. Kenaka analoza pakamwa pawo.

"Chakula," anatero, kutanthauza chakudya.

Ndinapukusa mutu. Iwo anatulutsa foni m'thumba, nailankhulira m'chinenero chawo, ndipo foniyo inandiyankhula m'Chingerezi chokhotakhota koma chomveka. Inati kwawo, kumapiri kumene anabadwira, utomoni wa pichesi ndi chakudya chakalekale. Amautola, amauyanika, amauphika, ndipo m'masitolo umagulitsidwa m'mapaketi. Inawonjeza kuti akhala akuuyang'ana mtengowu kuyambira pamene anafika, ndipo mtima umawapweteka akamandiona ndikutaya.

Tsiku lomwelo anazungulira n'kulowera pageti, atanyamula kabeseni ndi supuni. Asanakhudze mtengo anandifunsa, pochita ngati akupopera ndi manja, ngati unathiridwapo mankhwala. Ndinawatsimikizira kuti palibe amene anaukumbukirapo mtengowo kupatula ine ndi phulusa langa. Apo anayamba kundionetsa. Utomoni woyera, umene dzuwa limapyola ngati uchi watsopano, ndiwo wabwino koposa. Wofiirira nawonso umadyedwa. Wakuda, wosakanikirana ndi utuchi wa tizilombo, ankautaya osauyang'ananso. Mvula ikangogwa umachoka mosavuta ndi zala. Ukauma umafuna msana wa supuni, ndipo ankaukankha kuchokera pansi mosamala kuti khungwa lisasendeke. Ndinaona kuti manja awo ankaulemekeza mtengowo kuposa mpeni wanga wa ku mishoni. Tinayala zimene tinatola pa lichero, n'kuika pakhonde pamene dzuwa limafika koma mvula siifika. Anati tiziyanika mpaka timibuluto tiume gwa, tizilira ngati timiyala tikagwedeza licherolo.

Mayi a kunyumba ankaonerera zonsezi ali pampando wawo. Anansiwo atapita, anandiitana.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno. Zimene mwayanikazo n'za chiyani?"

"Akuti ndi chakudya, mayi."

"Utomoni? Ife tinkauona anyamata akupangira ulimbo wokolera mbalame. Mwakalamba mpaka kufika podya ulimbo?"

"Ulimbo ndi wa mitengo ina. Uwu kwawo amagula ndi kusitolo komwe."

"Kusitolo amagulitsanso polishi wa nsapato, koma sindinakuoneni mukudya."

Ndinaseka, koma maganizo anga anali atapita kale kwina. Ndinakumbukira chaka choyamba cha ukwati wathu, pamene ndinali mkamwini pamudzi pa mayiwa. Ndinabwera ndi mbande za mapichesi kuchokera ku mishoni n'kuzibzala kuseri kwa nyumba imene ndinamanga. Amalume awo sanakondwe. Mkamwini wobzala mitengo amaoneka ngati akufuna kukhazikika pa dothi losakhala lake, ndipo mawu anafika kwa ine kudzera mwa mayiwa, akuti mbandezo zizulidwe. Sindinakane, sindinazulenso, ndinangopempha, kudzera njira yomweyo, kuti andipatse nthawi. Mitengoyo itabala koyamba sindinalawe ngakhale pichesi limodzi. Ndinasankha akupsa bwino, ndinadzaza nsengwa, ndipo mayiwa anakatula kwa amalume awo. Nsengwa inabwerera yopanda kanthu, ndipo nkhani yozula sinamvekenso. Mitengo ina mwa imeneyo ikadalipo.

Ndinawakumbutsa mayi nkhaniyi. Anasisita bondo.

"Amalume anadya mapichesi," anatero. "Inu mukufuna kuwatumizira ana a eni ake utomoni."

"Ndi zimene mtengowu uli nazo."

"Chabwino. Koma ngati zikupita kwa akamwini, ndiphika ndine. Sizingatuluke m'khitchini muno zinthu zophika inu."

Anali atatha miyezi osagwira mthiko, ndipo ndinaona kuti mawuwo sanali oti ndiwatsutse.

Tinatola kangapo, nthawi iliyonse mvula ikagwa, mpaka utomoni wouma unadzaza kapu. Anansi athu anatifotokozera pafoni mmene tingachitire: kuunyika m'madzi ambiri kuyambira madzulo mpaka m'mawa, kuchotsa zinyalala, kutsuka, kenaka kuphika pamoto wochepa ndi shuga. Atatero anapita ku Mombasa ndi mwana wawo kwa masiku angapo. Ife tinaganiza kuti palibe chifukwa chowadikira.

Tinanyika theka lalikulu la kapuyo m'beseni. M'mawa mayi anandiitana kuti ndidzaone. Timiyala tija tinali titamwa madzi n'kufufuma mpaka kudzaza beseni lonse, tili mbuu, tikunjenjemera munthu akakhudza. Tinakhala pakhonde n'kumachotsa tizidutswa ta khungwa ndi timadontho takuda, monga mmene timasankhira mpunga. Ndi ntchito yofuna maso ndi kudekha, pakuti kambulu kalikonse kamaterereka m'zala. Mayi anatenga kamodzi, nakafinya, nakanunkhiza, nakalawa.

"Ili ndi thelere basi," anatero.

"Anansi aja anati tithire shuga."

"Munamva kuti thelere la shuga? Tikawapatsa akamwini zoterozo adzati apongozi ayamba kusokonekera. Chinthu choterera chimafuna soda, tomato ndi mchere. Azungu a ku Chinawo aziphika mwa kwawo, ife tiphika mwa kwathu."

Ndiyenera kunena kuti anandigonjetsa mosavuta, chifukwa nanenso mumtima ndinkaona chimodzimodzi. Lilime la kwathu likakumana ndi chinthu choterera limayembekezera mchere. Choncho anaima pachitofu atatsamira ndodo imodzi, nawiritsa madzi, nathira soda wa pansonga ya supuni kawiri, naponyamo utomoni, naduliramo tomato, n'kuyamba kutakasa ndi mthiko mwamphamvu monga achitira ndi thelere la denje. Poyamba panatuluka thovu labwino ndithu, ndipo anandiyang'ana monyadira. Koma thovulo litatsika, mumphika munalibenso kambulu ngakhale kamodzi. Zonse zinali zitasungunuka. Munatsala madzi ofiirira, onunkha soda, zikopa za tomato zikuyandama pamwamba. Ndinalawa chifukwa cha ulemu. Mayi sanalawe n'komwe. Ndinakathira patsinde pa nthochi, ndipo tinatsuka mphika eni nyumba asanabwere.

Anansi athu atabwerako ku Mombasa, ndinawafotokozera pampanda, foni ikutithandiza. Nditatchula soda anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, mpaka misozi inatuluka. Anati soda amasungunula utomoni, ndipo ngakhale popanda soda, moto waukulu ndi kutakasa mwamphamvu zimauwononga. Analowa m'nyumba mwawo, nabwerako ndi paketi ya utomoni wochokera kwawo, woyera bwino, wosankhidwa kale, nandipatsira pampandapo. Ndinathokoza ndi manja awiri, koma ndinawabwezera. Ndinavutika kuti foni imvetse chifukwa chake. Mbale imene ndinkafuna kutumiza inayenera kuchokera mu mtengo umenewu, apo ayi ikanakhala bodza. Sindikudziwa kuti makinawo anamasulira motani, koma mayiwo anayang'ana mtengo, nayang'ana ine, nagwedeza mutu movomereza.

"Sawa, mzee."

Vuto linali lakuti nyengo inali itayamba kutembenuka. Mvula inkagwa modumphadumpha, ndipo m'mawa kunayamba kuzizira. Tsiku lina lole inalowa pageti n'kukhuthula mchenga ndi miyala pafupi ndi mtengo, mulu wake mpaka kukwirira dothi limene ndinagaula. Fundi anabwera kudzayeza malo, nakhoma zikhomo zinayi, mtengo uli pakati. Anandipatsa moni mwaulemu, nandiuza kuti ayamba Lolemba la sabata yotsatira ngati kumwamba kukhale koyera. Utomoni wotsala m'kapu unali wosadzaza ngakhale dzanja limodzi, ndipo wa m'munsi mwa thunthu tinali titatola wonse.

Sindinataye mtima, chifukwa ndinali nditaona kale kuti m'nthambi zam'mwamba munali wambiri umene manja athu sankafika. Makwerero analipo, koma mayi ananena poyera kuti chiuno chothyoka chimodzi n'chokwanira pabanja. Ndinatenga nsungwi yoimikira chingwe cha zovala, ndinamangirira supuni kunsonga kwake, ndipo ndinadikira. Pakati pa sabata kunagwa mvula yowaza, ya mawawa, yokwanira kufewetsa utomoni. Itangokata ndinaitana anansi. Ine ndinkakankha timibulu ndi nsungwi, iwo ataima pansi ndi ambulera yotembenuza, akuwakha zimene zinkagwa. Mayi ali pampando ankatilondolera ngati kapitawo.

"Kumanzere, aphunzitsi. Kumanzere kwanu, osati kwa mtengo. Maso amenewo ndi omwe munkaonera ana akubera mayeso?"

Tinapeza wokwanira. Dzuwa la masiku awiri otsatira linaumitsa wofewawo pang'ono, ndipo Loweruka madzulo tinanyika wonse pamodzi ndi wotsala uja.

Lamulungu tinapita kutchalitchi m'mawa, ndipo titabwerako anansi athu anafika atanyamula kathumba. Chinthu choyamba chimene anachita atalowa m'khitchini chinali kutenga paketi ya soda n'kuiponya pamwamba pa firiji, pamene mayi sakanafika. Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anaseka. Kuyambira pamenepo awiriwo sanafunenso foni kapena ine. Ndinaima pakhomo n'kumaonerera.

Anansiwo anatsuka utomoni m'madzi oyera mpaka munalibe kachitsotso. Anaika madzi pamoto, ndipo asanaponyemo utomoni anatulutsa m'kathumba muja shuga wa mibulu, wooneka ngati mchere wa miyala, ndi zipatso zouma zofiira, zamakwinya, zazikulu ngati chala chamanthu. Mayi anatenga chimodzi, nachiluma, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Aphunzitsi, awa ndi masawu."

"Masawu aakulu choncho?"

"Aakulu kapena ang'ono, ine masawu ndimawadziwa. Onani nthanga yake. Bwanji sanatiuze kale kuti kwawo amadya masawu? Ndikanawakhulupirira tsiku loyamba."

Zipatsozo zinawira kaye mpaka madzi anafiira ndi kununkhira. Kenaka anansiwo anachepetsa moto kuti madzi azingonjenjemera, n'kutsitsiramo utomoni pang'onopang'ono. Mayi atatambasula dzanja kuti atenge mthiko, anansiwo anawagwira pamkono. "Pole pole," anatero, kutanthauza pang'onopang'ono, nawaonetsa kuyendetsa supuni kamodzi kokha pansi pa mphika. Patapita kanthawi anawonjeza papaya wakupsa woduladula, ndipo atazimitsa moto anathira mkaka pang'ono. Timibulu tonse tinali tathunthu, tikuwala mumsuzi ngati mikanda ya galasi.

Anandipatsa supuni imodzi kuti ndilawe. Utomoni pawokha ulibe kukoma kulikonse; umangotenga kwa zimene waphikidwa nazo. Chimene uli nacho ndi mmene umamvekera m'kamwa: wofewa koma wolimbako pang'ono pakati, monga khungu la mang'ina ophikidwa bwino, kungoti ndi wotsekemera ndiponso wopepuka. Sindinganame kuti ndinaukonda nthawi yomweyo. Koma chinali chakudya, chophikidwa mwaluso, ndipo chinachokera mu mtengo uja.

Akamwini anali pakhonde lakumaso, akuwerenga pafoni yawo. Mayi anasankha mbale yabwino koposa m'kabati, naidzaza, naiika pa thireyi, navindikira ndi mbale ina monga timachitira ndi chakudya cha munthu wolemekezeka. Kenaka anaitana mwana wathu.

"Tenga, ukawapatse amuna ako."

"Ndi chiyani chimenechi, amami?"

"Ukanene kuti adadi ako akuti alaweko zokolola za mtengo wawo wa kuseri."

Mwana wathu anavundukula mbale, nayang'ana, nandiyang'ana ine. Nkhani ya nsengwa ya amalume anakula akuimva. "Anthu inu," anatero chapansipansi, koma ananyamula thireyi ndi manja awiri, ndipo ndinamuona akugwada pofika pakhondepo, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita chifikireni ku Nairobi.

Ine ndinatenga mpando n'kukakhala kuseri, pafupi ndi mulu wa mchenga, nditafulatira nyumba. Si bwino kumuyang'ana mkamwini akudya zimene wamutumizira, chifukwa umamukakamiza nkhope. Ndinamva mawu a awiriwo patali, osamveka bwino, kenaka kulira kwa supuni pambale. Mbalame zinali kudumphadumpha mu mtengo. Mtima wanga unali m'malo. Ndinali nditanena zimene ndinali nazo m'njira yokhayo imene ndikanazinenera, ndipo ngati yankho likanakhala nkhwangwa, ndikanalilandira popanda chakukhosi.

Mwana wathu anabwerera kukhitchini, ndipo mayi anandiitana kuti ndidzaone. Mbale inali yoyera, yopanda ngakhale dontho la msuzi.

"Anena kuti chiyani?" mayi anafunsa.

"Akuti zikomo kwambiri. Afunsanso kuti kodi mtengowo umatulutsa zimenezi chaka chilichonse."

"Ndiye wawayankha bwanji?"

"Ndati akafunse eni ake odziwa mitengo. Angoseka."

Madzulo patebulo palibe amene anatchula mtengo kapena thanki. Tinakamba za ulaliki wa m'mawa ndi za kuzizira kumene kunali kuyamba.

Lolemba fundi anafika ndi anthu ake akamwini asananyamuke kupita kuntchito. Ndinali m'chipinda, ndipo ndinawaona pawindo akuyenda limodzi kupita kungodya kuja. Anaima nthawi yaitali, fundi akuloza khitchini, akuloza mapaipi, akutambasula manja ngati munthu wodandaula. Kenaka anawerama n'kuzula zikhomo zake zinayi. Tsiku lonselo anthu ake anatuta mchenga ndi miyala pa wilibala kupita mbali ina ya nyumba, kuseri kwa galaja, kumene paipi inayenera kuzungulira mtunda wautali kuti ifike kukhitchini. Ndinawathandiza kusesa mchenga wotsalira patsinde.

Loweruka la sabata imeneyo, ndikugaulanso dothi limene mulu uja unapondereza, ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Akamwini anaima chapatali, nanjuta, manja ali pamodzi. M'manjamo munali kasowo katsopano kodulira nthambi, kakadali m'pepala lake.

"Bambo, ndimati mwina aka kangathandize. Ine za mitengo sindidziwa. Nthambi youmayo, ndi zina zimene mungaone kuti n'zofunika, muzingochita mmene mukuonera."

"Zikomo, akamwini. Nyengo yozizira ino ndiyo yake yodulira."

Anaika kasowoko pa udzu, osati m'manja mwanga, nabwerera m'nyumba. Mawu amenewo ndiwo ochuluka koposa amene tinalankhulana awiriwiri chaka chonsecho, ndipo anali okwanira.

Ndinadulira mtengowo m'mwezi wozizira, monga ndinaphunzirira ku mishoni, koma utomoni sindinautayenso. Woyera tinkagawana ndi anansi, amene anayamba kumabwera kudzakhala ndi mayi pakhomo la khitchini masana, aliyense akulankhula chinenero chake. Mayi anawaphikira thelere lenileni kuti aone ntchito ya soda, ndipo iwo anadya mwaulemu womwe ine ndinalawira madzi ofiirira aja.

Titatsala pang'ono kubwerera kwathu, mayi akuyenda opanda ndodo, mwana wathu anandiululira chinthu china tili m'galimoto pa msewu wopita ku Upper Hill kukatsanzikana ndi dokotala. Anati amuna ake sanazikonde n'pang'ono pomwe zimene anadya Lamulungu lija. Ankameza osatafuna, ndipo madzulo ake anamuuza kuti zinali ngati mazira a achule othira mkaka.

"Nanga anamaliziranji mbale yonse?" mayi anafunsa ali kumbuyo.

"Anati mbale ya apongozi siibwerera ndi chakudya."

"Mwamva, aphunzitsi? Ndinanena ine kuti pakanakhala kamchere."

Mtengowo tinausiya utachita maluwa, ochuluka kuposa amene mwana wathu anauonapo nawo. Mapichesi ake, akutero mwana wathuyo pafoni, akadali ang'onoang'ono ndipo mphutsi sizinawasiye. Koma mvula ikagwa, anansi aja amalowa pageti ndi kabeseni ndi ambulera yawo, ndipo akamwini, akakhala kuti ali pakhomo, ndiwo amawagwirira nsungwi.